Chifu changa ndi chowinda cha Amayi

Huwei, Yunlin
Mwezi wachiwiri

Achimwene anga a Kun-shan,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Binh Duong? Alamu anga a Hanh ali bwanji, nanga ana? Chifuwa chija cha Wei-lun chinatha? Kuno tadzuka. Masamba a adyo ayamba kuuma m'minda, fungo lake lafika kale m'nyumba, ndipo kufakitale matawulo akutuluka monga kale. Amayi alipo, akudya, akukalipa. Za mawondo awo ndinena kutsogoloku.

Mudabwa kulandira kalata chonsecho timalankhulana pa foni sabata iliyonse. Mwina mwaonanso kuti kuyambira chilimwe chatha sindiyatsa kamera, ndimangoti inafa. Siinafe ayi. Ndalemba chifukwa kunena pakamwa kwandikanika, ndipo pepala lilibe maso ondiyang'ana. Werengani mpaka kumapeto musanandiimbire, chifukwa ndili ndi pempho, ndipo nthawi yatsala pang'ono.

Mukukumbukira mmene ndinalili. Inu nomwe ndi amene munanditcha Chimgolo tili ana, dzina n'kumera mizu mpaka kusukulu. Sindikukudandaulani. Pofika chaka chatha sikelo ya kuchipatala inkasonyeza makilo oposa 130. Jakisoni wa shuga ndinkadzibaya m'mawa ndi madzulo. Usiku mpweya unkandithawa, n'kudzidzimuka ngati wina wandikanyanga pakhosi. Kuchoka pakhomo kukafika pa sitolo ya pakona ndinkafika ndili wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

Tsiku lina chala chachikulu chakuphazi chinachita dzanzi, osatha. Ndinakhala pabedi n'kumachitsina, osamva kanthu. Ndinakumbukira Abambo, mmene anayambira ndi chala, kenako phazi, kenako mwendo wonse, kenako tinawaika.

Dokotala wanga, mayi wosapsatira mawu, anandiuza za opaleshoni yodula chifu n'kutsala kachigawo kakang'ono ngati nthochi. Sanandinamize. Anati ambiri shuga amatsika, mpweya umabwerera, mawondo amapuma. Anatinso ena pamene asokapo pamadontha, ena amataya magazi, ndipo alipo ochepa amene sadzuka. Anati tsitsi lidzathothoka, mavitamini ndidzamwa mpaka kufa, ndipo chimene adula sichibwereranso.

Nkhaniyi ndinawauza Amayi koyamba zaka ziwiri zapitazo. Anavula epuloni, n'kundikokera kukachisi wathu. Anayatsa lubani pamaso pa Mazu, mulungu wathu wamkazi, n'kuponya timatabwa tofiira ta maula katatu, ndipo katatu konse timatabwato tinakana. Pobwerera anandigulira mabanzi a nyama, amvekere munthu wodya bwino sadulidwa ngati nkhumba ya paukwati. Nkhani inathera pomwepo.

Koma ine dzina ndinalembetsa mobisa. Mzere unali wautali, ndinkayesa kuti ndidikira chaka china. Kenako namwino anandiimbira kuti malo apezeka msanga, chifukwa unali mwezi wachisanu ndi chiwiri, mwezi wa mizimu yanjala, ndipo anthu anali atathawa mipeni yonse ya madokotala monga achitira chaka ndi chaka. Anandifunsa ngati ine sindiopa. Ndinayang'ana chala changa chija, ndinati ndibwera.

Amayi ndinawauza kuti akufakitale akunditumiza ku Taichung kukaphunzira makina atsopano kwa sabata ziwiri. Anadandaula za mweziwo, nandiika kachithumwa ka kukachisi m'chikwama. Anandipatsanso poto wa nyama ya nkhumba yophika mu msuzi wa soya, kuti ndisakafe ndi njala kwa eni. Nyamayo anadya mnzanga wa kuntchito, Hsiu-man, amene anandiperekeza. Iye yekha ndiye ankadziwa.

Achimwene, ine ndinali mmodzi mwa aja amene posokedwa pamadontha. Tsiku lachitatu thupi linatentha, mtima ukuthamanga, phewa likuwawa ngati alibaya msomali. Anandibwezera m'chipinda cha opaleshoni. Ndinatha pafupifupi mwezi ndili ndi mapaipi m'mimba ndi m'mphuno, osaloledwa ngakhale dontho la madzi. Hsiu-man ankandinyowetsa milomo ndi thonje uku akunditukwana kuti ndine chitsiru, ndikafa iye akawauza chiyani amayi anga.

Imfa sindinaiope kwambiri. Chimene chinkandidya ndi chakuti Amayi adzalandira foni yoti mwana wawo wafa pa maphunziro a makina a matawulo. Komabe mphamvu zitabwerera pang'ono ndinawaimbira n'kunena kuti maphunziro awonjezera masiku. Bodza loyamba linali litabala kale ana.

Nditafika kunyumba Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinali wotuwa, masaya atagwa. Anandiikira mpunga ndi nsomba, ine ndinadya masupuni awiri n'kukankha mbale. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kundifunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Kuhotelako unagogoda usanalowe m'chipinda?"

Ndinati ndinaiwala. Ndinaona ngati ndi yankho lopepuka, losavulaza munthu. Koma Amayi anagwira pakamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo anadziwa matenda anga: ndinalowa osapempha malo m'mwezi woipa, mzimu wanjala unandikwera, ndipo tsopano ukudya kuchokera m'kati zonse zimene ine ndikadadya.

Zimene zinatsatira ndikuchita nazo manyazi kulemba. Anatenga bulauzi yanga kupita nayo kwa mayi uja wa kuseri kwa msika amene amaitana mizimu ya anthu odzidzimuka, mayiyo anaiphimba pa kapu ya mpunga n'kutchula dzina langa. Anaotcha mapepala achikasu, phulusa lake n'kusungunula m'madzi, ine n'kumwa. Ndinamwa, achimwene, ndikudziwa bwino lomwe kuti mzimu wanga ndi dokotala wovala magalasi wa ku Taichung.

Ndipo anaphika. Mukuwadziwa Amayi, munthu amene wadyetsa maukwati ndi maliro a theka la Huwei pansi pa matenti kwa moyo wake wonse. Sadziwa kunena kuti ndimakukonda, amangowonjezera chipande. Anaphika zonse zimene ndinkazikonda ndili mwana, n'kumaima pambali panga kuti aone ndikumeza. Akatembenuka ndinkakhuthulira m'kathumba, madzulo n'kukapatsa galu wa a Liao oyandikana nafe. Galuyo pano sathanso kulumpha ngalande, ndipo a Liao akudabwa kuti akudya kuti.

Pamene sindinathe kubisa ndinkadya, kenako n'kuthamangira kuchimbudzi. Chifu chimenechi sichinyengereka. Ukawonjezera supuni imodzi chimabweza zonse, ndipo chilungulira chimakuotcha mpaka kukhosi. Tsitsi nalo linayamba kutsalira m'chipeso. Ndinkalitola msanga, koma tsiku lina ndinawapeza Amayi atagwada kubafa, akulizula pa sefa ya madzi, akulikulunga m'pepala mwakachetechete.

Chopweteka n'chakuti nthawi yomweyo ndinali kuchira, ndipo ndinalibe womuuza. Jakisoni dokotala anandisiyitsa patatha miyezi itatu. Ndinayamba kugona mpaka m'mawa ngati mwana. Chala chija chinayamba kumva kuzizira kwa simenti. Tsiku lina kuntchito ndinazindikira kuti ndapingasa miyendo pampando, chinthu chimene sindinachitepo chikhalire, ndipo ndinapita kuseri kwa mabelo a thonje kukalira. Ndinkabwera kunyumba mtima uli mbee, n'kupeza Amayi maso ali psuu, ine n'kuvala nkhope ya wodwala kuti bodza lisaonekere.

Anthu a mumsewu wathu nawo anasintha. Aja ankandifunsa kuti njinga yamoto yanga inalakwa chiyani kuti ndiziilanga chotero anasiya nthabwala. Anayamba kundipatsa mpando, kundilankhula motsitsa mawu. Azakhali a Kim-ki anabwera kuchokera ku Tuku ndi bokosi la mapeyala, anandigwira dzanja n'kumangosisita, osatchula dzina la matenda amene onse ankawaganizira. Kunyozedwa ndinakuzolowera, koma chifundo chakuba ngati chimenechi chimalemera kuposa makilo onse amene ndataya.

Mufunsa kuti bwanji sindinangonena. Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Ndinkachita manyazi kuti zimene ena amachita pongotseka pakamwa ine zinafuna mpeni. Ndinkachita manyazi kuti ndinapondereza yankho la Mazu, m'mwezi umene ngakhale kusamuka nyumba sitisamuka. Koma chachikulu, sindinadziwe kuti ndiwauza bwanji Amayi kuti ndinakadulitsa malo amene iwo akhala akuikamo chikondi chawo zaka zonsezi. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Chaka Chatsopano inu munakadyera kwa apongozi anu, ndiye patebulo tinali ine, Amayi ndi azakhali. Amayi anaphika mapazi a nkhumba, anandisankhira chidutswa chonona kwambiri, nati chaka chatsopano chilowe ndi mphamvu. Anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndinadya chonse. Posakhalitsa ndinali pansi kubafa, thukuta lozizira, dziko likuzungulira, ndikusanza ngati ndikufuna kutulutsa matumbo.

M'mawa mwake Amayi anavala zoyera n'kupita kukachisi okha. Atabwera anandiuza, ngati akunena za mtengo wa kabichi, kuti awinda. Alonjeza Mazu kuti akandisiyira moyo, chaka chino ayenda wapansi ulendo wonse woperekeza machila onyamulira fano lake, kupita ndi kubwera, osakwera galimoto ngakhale pang'ono.

Achimwene, mukuudziwa ulendo umenewu, masiku oposa sabata pa phula wotentha, kugona m'makonde a eni. Mukuwadziwanso mawondo a Amayi. Dokotala wa mafupa ananena kale kuti mulibe kanthu m'menemo, fupa likukhuzana ndi fupa. Ndipo ngakhale pamenepo ine sindinaulule. Ndinangoti, Amayi, musadzivute. Ndilembe poyera kuti muone mlongo amene muli naye.

Anayamba kuzolowetsa miyendo. M'mawa uliwonse ankatenga ndodo n'kutsata ngalande ya madzi kudutsa minda ya adyo. Ankabwera akutsimphina, n'kumata mawondo mankhwala onunkha aja, mawa n'kupitanso patsogolo pang'ono.

Lachiwiri lapitali dzuwa linakwera iwo osabwera. Ndinawatsatira. Ndinawaona patali atakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, ndodo ili m'madzi, ndipo ndinathamanga. Ine, Chimgolo, ndinathamanga, ndipo ndinazindikira zimenezi nditafika kale. Bondo lamanzere linali litatupa ngati papaya. Anati anangopumula pang'ono, koma kudzuka kunawakanika.

Ndinawabereka kumsana. Ndi opepuka, achimwene, sindinkadziwa. Tikuyenda anayamba kundipapasa mapewa, zala zawo zikupeza mafupa amene sanawagwirepo chibadwire changa. Ndinamva kumsana kwanga kukunyowa. Ankalankhula osati ndi ine koma ndi chinthu chimene ankati chili m'kati mwanga, akuchipempha kuti chisamukire mwa iwo, iwo ndi okalamba, adya kale zokwanira.

Pamenepo ndinalephera kubisanso. Mwina n'chifukwa choti sankandiona nkhope. Ndinanena zonse ndikuyang'ana njira: za namwino, za Taichung, za mapaipi, za galu wa a Liao. Ndinawauza kuti mzimu palibe, khansa palibe, shuga watsika, ndipo sindikufa.

Tinadutsa munda wonse. Kenako anati, "Nditsitse."

Sindinawatsitse, chifukwa sakanatha kuima. Tinafika kunyumba chomwecho, iwo ali gwaa kumsana kwanga ngati thabwa, manja atachotsa m'khosi mwanga.

Nditawakhazika pampando anandiuza kuti ndikweze bulauzi. Anaona khungu lolendewera, anaona tizipsera. Anatigwira kamodzikamodzi ndi chala chawo chokhakhala chija. Ndinayembekezera kukalipa, mwina khofi, ndipo ndikanalandira mosangalala. Iwo anangofunsa motsitsa.

"Ine ndinakubala wathunthu. Chinacho anakachitaya kuti?"

Ndinati sindikudziwa. Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kukhitchini, kumene mphika wa m'mawa unali udakali pa mbaula.

"Chakudya changa chinali choipa chotero, Yueh-chin?"

Sindinayankhe bwino. Ndinalira, ndinati ayi, ndinati si chakudya chawo, ndi thupi langa, ndi magazi a Abambo. Sindikudziwa ngati anamva. Masiku atatu otsatira mbaula sinayake m'nyumba muno. Inu simunaionepo nyumba ino yopanda fungo la anyezi wokazinga. Tinkadya zogula, aliyense kumbali kwake.

Ndinaganiza kuti mwina chabwino chimodzi chituluka m'zonsezi, chakuti ulendo uja wafa. Ndinawauza kuti popeza panalibe mzimu, palibenso chobweza. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zamisala.

"Ndinapempha kuti ukhale moyo. Uli moyo. Mazu sanandifunse kuti uchira ndi chiyani, ndipo ine sindine munthu wonamiza amene andithandiza."

Mawu omalizawo anandilasa, ndipo anayenera kundilasa. Azakhali ayesa kuwanyengerera. Mkulu wa pakachisi wawauza kuti okalamba amaloledwa kukwera galimoto miyendo ikakana, ndiponso kuti mwana angathe kumaliza ulendo m'malo mwa kholo atanyamula chovala chake. Amayi anangoti tikaona komweko. Nsapato agula kale.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwerani kumudzi mwezi wamawa machila asananyamuke. Pemphani tchuthi, nenani kuti mayi anu akudwala, simudzakhala mukunama. A Liao avomera kutibwereka kalole kawo kaja ka buluu. Inu muziyendetsa pang'onopang'ono kumbuyo kwathu, mpando ndi madzi oundana zili m'mwemo. Bondo likadzakana, ndipo lidzakana, ine sadzandimvera, mawu anga panopa alibe mtengo m'nyumba muno. Koma inu mukadzati, Amayi kwerani, mwina adzakwera.

Kotsalako ndidzayenda ndine, bulauzi yawo ili m'chikwama kumsana. Dokotala wavomera, bola ndizimwa madzi pang'onopang'ono ndi kudya kangapo patsiku. Ndayamba kale kutsata ngalande ija m'mawa. Mukukumbukira chaka chija ndinagwada pamsewu kuti machila adutse pamwamba panga monga achitira onse, onyamula n'kulephera kundidutsa mpaka anachita kuimika manja, msewu wonse n'kufa ndi phwete? Sindinapitekonso. Chaka chino ndikwana pansi pake, koma sindikudziwa kuti ndikanena chiyani kwa Mazu ndili pamenepo.

Musadzawakalipire Amayi za chowinda chawo, ndiponso musadzayambe kundiikira kumbuyo. Ngati muli ndi mawu aukali, ndi anga, ndidzawalandira pa siteshoni tisanafike kunyumba. Mukandifunsa ngati ndikudandaula kuti ndinadulitsa, ndinena zoona: ayi. Ndikanachitanso, ngakhale ndi mapaipi aja. Chimene sindikanachitanso ndi kumusiya mayi wanga akulira maliro a munthu amene akuchira.

Dzulo mbaula inayaka. Ndinabwera kuntchito n'kumva fungo ndili panja. Anali ataitana Hsiu-man masana, namufunsa zonse zimene dokotala amalola, ndipo ndikumva kuti anamukalipira kaye mpaka tiyi kuzizira. Patebulo ndinapeza dzira lophika pa nthunzi ndi kachidutswa ka nsomba yopanda mafuta, zili m'kambale kaja ka tambala wofiira kamene inu ndi ine tinkadyera tili makanda. Sindinkadziwa kuti anakasunga.

Anaima pambali panga monga mwa masiku onse, chipande chili m'manja, chodzaza kale. Ndinadya pang'onopang'ono mpaka kambale kanayera. Anandifunsa ngati ndakhuta. Ndinati ndakhuta, Amayi, ndipo aka kanali koyamba m'miyezi yonseyi kuwauza zoona patebulo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kubweza chipandecho mumphika. Chibadwire changa sindinawaonepo Amayi akubweza chipande chodzaza. Anakhala atandifulatira, akupukuta mbaula imene inali yoyera kale, ndipo ine sindinathe kudzutsa mutu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Hanh, muwauze kuti ndikupepesa powalanda mwamuna kwa sabata ziwiri. Wei-lun ndi kamlongo kake muwapsompsone, muwauze kuti azakhali awo tsopano angathe kuwathamangitsa. Moni kwa apongozi anu onse. Mazu akusungeni pa ntchito ndi pa ulendo, ndipo Abambo kumene ali akuyang'anireni.

Mukatsika sitima musafunefune munthu wamkulu. Ndidzavala chipewa chachikasu cha kufakitale, ndipo ndidzayamba ndine kukuitanani.

Ndine mlongo wanu,
Yueh-chin